Za Kuchulukitsa Maina, ndi Mndandanda Umene Tilemba pa Bolodi

Kwa aphunzitsi ndi akatekisiti onse, a m'mudzi waukulu uno wa Lilongwe ndi a m'madera ozungulira.

Pali phunziro limodzi limene mphunzitsi aliyense aliyesa lapafupi, ndipo chifukwa cha kuliyesa lapafupi aliphunzitsa mwaulesi. Ndilo phunziro la kuchulukitsa maina. Mphunzitsi alemba mzere pakati pa bolodi. Mbali ina alemba "Chimodzi", mbali inzake "Zambiri". Pansi pake aika munthu ndi anthu, mudzi ndi midzi, khasu ndi makasu, chitseko ndi zitseko. Ana aimba mau awa katatu, nawalemba m'makope mwao, ndipo phunziro latha. M'nkhani ino tifuna kuyesa mndandanda umenewu, tione kumene unachokera, zimene unena zoona, ndi zimene ubisa. Pakuti ife tiganiza kuti ubisa zinthu zitatu zazikulu, ndipo chimodzi cha izo chikhudza ulemu wa ana kwa akulu ao.

Kumene mndandandawu unachokera

Mabuku oyamba ofotokoza chinenero chathu analembedwa ndi alendo. Johannes Rebmann, mmishonale wa ku Germany amene anakhala pafupi ndi Mombasa, anakomana m'chaka cha 1853 ndi kapolo wina dzina lake Salimini, amene kwao kunali m'dera lino la Lilongwe, nalemba mau ochokera pakamwa pake. Buku la mauwo linasindikizidwa m'chaka cha 1877. Alexander Riddel wa mishoni ya Livingstonia anatulutsa galamala yake mu 1880, ndipo David Clement Scott wa ku Blantyre anatulutsa buku lake lalikulu la mau a Chimang'anja mu 1892. Pambuyo pao Alexander Hetherwick analemba buku lophunzitsa Chinyanja limene linagwira ntchito zaka zambiri. Mu 1937 Mark Hanna Watkins wa ku America anasindikiza galamala ya Chichewa, imene anailemba mwa kufunsa Kamuzu Banda pamene anali wophunzira ku Chicago.

Anthu awa tiyenera kuwayamika, pakuti akulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo iwo anaona zinthu zimene eni chinenero sanaziganizire chifukwa cha kuzizolowera. Koma tikumbukire kuti mabuku onsewa analembedwa m'Chingerezi, kulembera anthu osadziwa Chichewa. Funso la mlendo ndi ili: "Ndadziwa dzina la chinthu chimodzi; ndichite chiyani kuti zikhale zambiri?" Funso limeneli ndi loyenera kwa iye. Koma mwana wa ku Mchesi kapena ku Kawale, pofika ku sukulu tsiku loyamba, adziwa kale kuti dzira likachuluka ndi mazira. Tsono ngati timpatsa yankho la funso la mlendo, tili kumphunzitsa chimene achidziwa kale, ndi kumsiya wosadziwa chimene chikadamthandiza, ndicho kuzindikira chifukwa chake alankhula monga alankhulira.

Njira za mitundu ina

Tisanaweruze mndandanda wathu, tione poyamba umo achitira anthu a zinenero zina, kuti tingayese kuti njira ya Chingerezi ndiyo njira ya dziko lonse lapansi.

Angerezi asintha mchira wa dzina: book likhala books. Koma ngakhale iwo ali nao maina osamvera lamulo lao. Man likhala men ndipo foot likhala feet, kusintha pakati. Child likhala children. Ndipo sheep silisintha konse, ikhale nkhosa imodzi kapena khola lonse. Chiafrikaans, chimene amishonale a ku Mvera ndi Nkhoma analankhula, chisinthanso mchira, koma michira yake ndi ingapo: boek likhala boeke, tafel likhala tafels, kind likhala kinders. Chifalansa, chimene ambiri a ansembe oyamba a ku Likuni ndi Mua analankhula, chili ndi chodabwitsa chake: polemba aika s pa mchira, koma potchula s ameneyu samveka, livre ndi livres amveka chimodzimodzi, ndipo womva azindikira kuchuluka kwa mabuku ndi kaliu kotsogolera, le kapena les. Musunge ichi, pakuti tidzachipezanso kwathu.

Aarabu nthawi zambiri athyola dzina pakati, nasiya mafupa ake okha: kitab ndilo buku, kutub ndiwo mabuku. Chihebri, chinenero cha Chipangano Chakale, sichikhutira ndi chimodzi ndi zambiri. Chili nayo njira yachitatu ya zinthu zoyenda ziwiriziwiri, kotero kuti yad ndilo dzanja, ndipo yadayim ndiwo manja awiri a munthu. Anthu a ku Malaysia ndi Indonesia abwereza dzina: orang ndiye munthu, orang-orang ndiwo anthu, koma akatchula nambala sabwerezanso, pakuti nambalayo yanena kale. Ndipo m'Chitchaina dzina la chinthu kawirikawiri silisintha. Kuchuluka kwake kudziwika ndi nambala kapena ndi nkhani imene ili kukambidwa.

Abale athu a mbali zino achita monga ife, kusintha mutu wa dzina. Atumbuka anena munthu ndi ŵanthu, Ayao mundu ndi ŵandu, Aswahili mtu ndi watu, Ashona munhu ndi vanhu, Azulu umuntu ndi abantu. Wilhelm Bleek, amene anagwira ntchito ku Cape Town, ataona kufanana kumeneku anatcha zinenero zonsezi dzina limodzi lakuti Bantu, ndipo m'zaka za m'ma 1860 anapatsa magulu a maina manambala. Carl Meinhof anaonjeza ntchitoyo, ndipo manambalawo akatswiri awagwiritsabe ntchito. Pamene ife tinena chinthu ndi zinthu, Atumbuka anena vinthu, Aswahili vitu, Ashona zvinhu. Ndipo a ku Lusaka, ngakhale alankhula Chinyanja, anenanso ndi vi.

Taonani tsono: mutu, pakati, mchira, kubwereza, kapena kusasintha konse. Palibe njira imodzi imene ili mfumu ya zinzake.

Chobisika choyamba: kuchuluka sikukhala m'dzina mokha

Maina athu agawidwa m'sukulu motere: Mu-A, Mu-Mi, Li-Ma, Chi-Zi, I-Zi, U-Ma, Ka-Ti, ndi magulu a Ku, Pa ndi Mu. Magawidwe awa ndi abwino, ndipo sitinena kuti atayidwe. Koma yang'anitsitsani maina a magulu omwewo. Gulu la Mu-A latchedwa potsata mitu ya maina, monga munthu ndi anthu. Nanga gulu la Li-Ma? M'mau akuti khasu, tsamba, dzira, phiri, li ali kuti? Palibe. Ndipo m'gulu la I-Zi, mau akuti nyumba, mbuzi, nkhuku, njira alibe i kapena zi pamutu pao. Li ameneyu ndi i ndi zi apezeka m'mau otsatira dzina: khasu lili, nyumba ili, nyumba zili. Potero amene anatcha maina a magulu anavomereza, kapena mosadziwa, kuti chizindikiro chenicheni cha gulu ndicho mgwirizanitsi, osati mutu wa dzina.

Apa mndandanda wa mizere iwiri ugwa. Mphunzitsi alemba nyumba mbali ina, nalembanso nyumba mbali inzake, nauza ana kuti "dzina ili silisintha". Ndipo ana aganiza kuti Chichewa chasowa nzeru pamenepa. Koma tamvani ziganizo ziwiri izi: "Nyumba yanga yaikulu ija yagwa," ndi "Nyumba zanga zazikulu zija zagwa." Dzina lakhala chete, koma mau anai onse otsatira asintha, ndipo liu lakuti zazikulu lasintha pawiri. Kuchuluka kumene Mngerezi akunena ndi s mmodzi pa mchira, ife takunena kasanu. Ndi chinthu chomwe chija tinachiona m'Chifalansa, koma kwathu chafalikira m'chiganizo chonse. Ndipo gulu limeneli si laling'ono: ng'ombe, nsomba, mbalame, nyenyezi, nthochi, ndalama, ntchito, nyimbo, mbale yodyeramo, zonsezi zili momwemo. Nthawi zina tiikapo zi, ndi kunena zintchito kapena zinyama, koma pamenepo tinena za mitundu yosiyanasiyana kapena za ukulu wake, osati kuchuluka kokha.

Ndiponso mutu wa dzina ukhoza kunyenga. Galu, fisi, kalulu ndi nyalugwe alibe mu pamutu pao, komatu ayenda ndi anthu: galu ali, agalu ali. Mkango uli ndi m monga mkazi, koma uyenda ndi mitengo: mkango uli, mikango ili. Mbale, mwana wa amai ako, achuluka kukhala abale. Mbale yodyeramo ikhala mbale zodyeramo. Wosayang'ana mgwirizanitsi sangathe kulekanitsa ziwirizi pa pepala.

Akatekisiti aone ichi makamaka pa dzina lakuti Mulungu. Tinena "Mulungu ali", monga tinena za munthu wamoyo, osati "uli". Koma pochulukitsa sitinena "alungu", tinena milungu, ndipo "milungu ili", monga mitengo ndi miyala. Dzina limodzi lili ndi mwendo umodzi m'gulu la Mu-A, ndi unzake m'gulu la Mu-Mi. Mndandanda ulibe malo a dzina lotere, koma mwana amene waphunzira kumvera mgwirizanitsi adzamva yekha kusiyana kwake poliwerenga m'Buku Lopatulika, limene kumasulira kwake kunatsirizidwa mu 1922.

Chobisika chachiwiri: a si kuchuluka kokha

Ichi ndicho chachikulu. Mndandanda uti mphunzitsi ndi mmodzi, aphunzitsi ndi ambiri. Koma kalata ikafika ku mpingo wa kumudzi yakuti "Abusa abwera Loweruka", amai a chigwirizano adzafunsa msanga, "Abwera angati?", pakuti sadziwa ngati aphe nkhuku imodzi kapena mbuzi. M'Chichewa a wochulukitsa ndiyenso a wa ulemu. Tinena abambo, amai, agogo, amfumu, a Phiri, ponena za munthu mmodzi, ndipo ulemuwo uyenderera m'chiganizo chonse monga kuchuluka kuyenderera: "Agogo anga adwala," osati "Gogo wanga wadwala." Mudzamva ngakhale mau akuti "amai amodzi", pamene liu lowerenga chinthu chimodzi lavala chovala cha ambiri.

Izi sizichitika kwa ife tokha. Afalansa anena vous kwa anthu ambiri ndi kwa munthu mmodzi wolemekezeka. Angerezi kale anali ndi thou wa munthu mmodzi ndi you wa ambiri ndi wa ulemu. Thou anafa, ndipo lero mwana wa Chingerezi aitana galu ndi agogo ake ndi liu limodzimodzi. M'Chihebri dzina lakuti Elohim lili ndi mchira wa zambiri, koma ponena za Mulungu mmodziyo litsatidwa ndi mneni wa mmodzi. Kwathu liu lakuti Ambuye lili ndi mutu wa ulemu, ndipo chifukwa chake m'mipingo ina mumva "Ambuye wathu", m'mipingo ina "Ambuye athu". Oyambawo atsata umodzi wa Iye amene anenedwa, enawo atsata ulemu wa liulo kufikira kumapeto. Onse awiri ali ndi chifukwa chao, ndipo katekisiti amene adziwa chifukwacho sadzayambana ndi mnzake wa mpingo wina pa nkhani ya kalembo kamodzi.

Chokondweretsa ndi chakuti chinenero chinadzipezera chokha mankhwala a chisokonezo chimenechi, popanda bungwe kapena buku. Poona kuti a watanganidwa ndi ntchito ya ulemu, anthu anapanga mutu wina wakuti azi: amai ndi mmodzi, azimai ndi ambiri, abambo ndi azibambo, agogo ndi azigogo, achimwene ndi azichimwene, abusa ndi azibusa. Pa maina ena anabwereka ma: amfumu ndi mmodzi wolemekezeka, mafumu ndi ambiri; abwana ndi mabwana; adokotala ndi madokotala. Potero maina a anthu ali ndi mizere itatu, osati iwiri: wa mmodzi, wa mmodzi wolemekezeka, ndi wa ambiri. Mndandanda wa pa bolodi wasiya mzere wapakati, umene mwana augwiritsa ntchito tsiku lililonse kuposa ina iwiriyo.

Choopsa chake chioneka kuno ku Lilongwe kuposa kumidzi. Chiyambire 1975, pamene likulu la dziko linachoka ku Zomba kudza kuno, mudzi uno wakula kwambiri, kotero kuti kalembera wa 2018 anapezamo anthu pafupifupi 990,000. M'nyumba zambiri za ku Area 10, Area 12 ndi Area 43 ana alankhula Chingerezi kunyumba ndi kusukulu komwe, ndipo Chichewa achimva kwa antchito a pakhomo ndi m'kalasi mokha. Ndiponso mu 2014 boma linalengeza kuti maphunziro aziperekedwa m'Chingerezi kuyambira Sitandade 1, Chichewa nkukhala phunziro limodzi mwa maphunziro ena. Mwana wotere afanana ndi mlendo uja; alibe agogo pafupi omdzudzula, ndipo akhulupirira bolodi. Bolodi likamuuza kuti a ndi wa anthu ambiri basi, adzapita kumudzi pa tchuthi nadzafunsa nkhalamba kuti, "Iwe gogo, wadzuka bwanji?" Anthu adzati mwanayo ndi wamwano, ndi kuti makolo ake sanamlere; koma cholakwa china chili pa ife amene tinalemba mizere iwiri pamalo pa itatu.

Chobisika chachitatu: si dzina lililonse lili ndi mnzake

Mizere iwiri ichititsa mwana kuganiza kuti dzina lililonse la mbali ina lili ndi mnzake mbali inayo. Nanga madzi ali ndi mnzake? Mafuta, malovu, mantha, manyazi, maliro, mankhwala, malaya, onsewa ali ndi mutu wa ma ndi mgwirizanitsi wa zambiri, koma palibe anenapo "dzi limodzi". Tinena "malaya amodzi". Chihebri nachonso chitcha madzi mayim, ndi mchira wosakhala wa chinthu chimodzi. Mbali inayo, chimanga, ufa, uchi ndi fodya sizichuluka mwa chizolowezi, ngakhale zidzaze nkhokwe. Tulo lili m'gulu la Ti, pakuti tinena "tulo tabwino", koma palibe "kalo".

Ndipo ka ndi ti, chi ndi zi, sizichulukitsa chabe, zichepetsa ndi kukuza. Mwana akhala kamwana, ana akhala tiana. Nyumba ikhala kanyumba kapena chinyumba. Mwala ukhala chimwala, ndi miyala zimiyala. Onani kuti apa mutu watsopano ukwera pamwamba pa mutu wakale osauchotsa, monganso ma akwera pa u m'mau akuti ulendo ndi maulendo, ukwati ndi maukwati, uta ndi mauta. Kusamutsa dzina kuchokera m'gulu lina kulowa m'gulu lina ndi chuma chimene Chingerezi chilibe, ndipo mlaliki amene adziwa kusiyana kwa munthu, kamunthu ndi chimunthu adziwa kuchepetsa ndi kunyoza ndi kuopseza ndi liu limodzi.

Pali chinanso chimene mndandanda uchionetsa koma osachifotokoza, ndicho kufewa kwa mau m'gulu la Li-Ma. Phiri likhala mapiri, khasu makasu, thupi matupi, khutu makutu: mpweya wa h uthawa. Tsamba likhala masamba, tsiku masiku, dzira mazira, tchimo machimo. Duwa likhala maluwa. Dzina likhala maina, dziko maiko, dzenje maenje, dzanja manja, dzino mano, diso maso. Ana auzidwa kuti aloweze mau awa limodzilimodzi monga ngati ndi osamvera lamulo, pamene ali ndi lamulo lao looneka bwino: kuuma kwa chiyambi cha dzina ndiko chizindikiro cha umodzi, ndipo ma akafika kuumako kuchoka. Koma mphunzitsi achenjeze kuti lamuloli siligwira ponseponse, pakuti tinena maphunziro, mathandizo ndi maphwando, h ali momwemo. Chomwechonso m'gulu la Mu-Mi, mw asanduka miy: mwezi ndi miyezi, mwendo ndi miyendo, mwambo ndi miyambo.

Za maina obwereka, ndi ma wa m'tauni

Tsopano tifike pa mlandu umene aphunzitsi ambiri adandaula nao. Yendani kuchokera ku msika wa ku Old Town, kudzera pa depoti ya mabasi, kufikira ku maofesi a ku City Centre ndi Capital Hill, ndipo mudzamva ma pa mau achilendo osawerengeka. Ena ati ichi ndi kuononga Chichewa. Ife tinena kuti tiyenera kulekanitsa mapira ndi mankhusu.

Kubwereka si chinthu chatsopano. Kwa Apwitikizi makolo athu anatenga kalata, nsapato, mbatata ndi kapitao, napatsa lililonse gulu lake: makalata, nsapato ziwiri, mbatata zambiri, akapitao. Kwa Angerezi tinatenga buku, sukulu, tebulo, ofesi, basi, tchalitchi, ndipo onsewa achuluka ndi ma. Onani nzeru ya anthu osaphunzira galamala: kalata ndi kalasi ayamba ndi ka, koma palibe ananena "tilata" kapena "tilasi", pakuti anamva kuti ka ameneyu si wochepetsa. Koma liu la Chingerezi la nyumba ya odwala analiumba kukhala chipatala, ndipo litangovala chi linalandira zi: Bwaila ndi Kamuzu Central ndi zipatala ziwiri. Aswahili anachita chomwecho ndi kitab wa Aarabu uja; anamuyesa wa gulu la ki, nanena kitabu ndi vitabu. Onaninso kuti maina obwereka satsata kufewa kuja: thalauza likhala mathalauza, osati "matalauza".

Nanga za mau okhala ndi zizindikiro ziwiri, ma kumutu ndi s kumchira? Apanso tisaweruze msanga. Banzi wa pa msika anachokera ku buns, ndi sokosi ku socks. S wa Chingerezi analowa m'thupi la liu nafera momwemo, kotero kuti tinena "banzi limodzi" ndi "mabanzi awiri", "sokosi imodzi" ndi "masokosi". Machesi anachokera ku matches, ndipo chifukwa liulo linayamba kale ndi ma, linakhala m'gulu la madzi ndi mafuta popanda vuto. Mayunitsi a magetsi ndi a foni ali kuyenda njira yomweyo. Mau awa ndi Achichewa tsopano, ndipo wowakana alimbana ndi mtsinje.

Koma pali china chosiyana. Munthu amene anena "student mmodzi" ndi "ma students ambiri" sanabwereke liu, wasenza malamulo a zinenero ziwiri pa dzina limodzi, pakuti s wake akali ndi moyo, abwera ndi kuchoka. Ndipo wachita ichi pamene wophunzira ndi ophunzira ali pomwepo, monganso wodwala ndi odwala, wantchito ndi antchito. Muyeso wake ndi uwu: ngati s apezeka pa chimodzi ndi pa zambiri pomwe, liulo lakhazikika, lilembedwe m'Chichewa ndi ma wolumikizidwa; ngati s aoneka pa zambiri pokha, wolankhulayo asankhe chinenero chimodzi. Pocheza pa msika sitingaletse munthu, koma polemba pa bolodi, powerenga zolengeza m'tchalitchi, ndi polemba kalata ya mpingo, tiyenera kusankha.

Chimene tiyenera kuchiyang'anira koposa ndi ichi, kuti ma wayamba kulowa m'khola la eni ake. Ana ena a m'tauni, pozolowera kuti dzina lililonse liyenera kusintha likachuluka, anena "mambuzi" ndi "mankhuku". Nzoona kuti manyumba amveka kwa akulu omwe, makamaka ku Zambia, ndi kuti mfumu ndi nthenda zinalandira ma kalekale, kukhala mafumu ndi matenda. Koma ma akameza gulu lonse la I-Zi, zi wa mgwirizanitsi adzatsata pambuyo, ndipo "mbuzi zanga zathawa" idzasanduka "mambuzi anga athawa". Mndandanda wa mizere iwiri uthandiza matenda amenewa, pakuti uonetsa mbuzi yosasintha ngati mpata wofunika kutsekedwa.

Chimene tipempha

Potsiriza, tiika pamaso panu zinthu zinai zimene mphunzitsi aliyense akhoza kuyamba Lolemba, popanda kugula buku latsopano.

Choyamba, musalembe dzina lokha pa bolodi. Lembani dzina ndi liu lolitsata: mudzi uwu, midzi iyi, dzira ili, mazira awa, mbuzi iyi, mbuzi izi. Mwana aphunzire gulu ndi khutu lake, pomva mgwirizanitsi.

Chachiwiri, pa maina a anthu lembani mizere itatu: mfumu, amfumu, mafumu, mai, amai, azimai, dokotala, adokotala, madokotala. Ndipo mufunse ana kuti mzere uti auyankhula kwa yani.

Chachitatu, perekani ziganizo zathunthu kuti ana azichulukitse, osati mau okhaokha. Mwana amene atha kusandutsa "Mwana wanga wamng'ono wathyola khasu lake latsopano" kukhala "Ana anga aang'ono athyola makasu ao atsopano" wadziwa galamala yoposa ya iye amene waloweza maina makumi asanu.

Chachinai, tumani ana kuti atole mau obwereka amene awamva pa msika, m'minibasi ndi pa wailesi, awabweretse m'kalasi, ndipo muweruze pamodzi gulu la liu lililonse ndi chifukwa chake. Pamenepo adzaona kuti malamulo a chinenero si miyala ya pa manda, koma ali kugwira ntchito lero lomwe m'kamwa mwao. Liu likakukanikani, funsani m'Mtanthauziramawu wa Chinyanja, umene a Centre for Language Studies a ku Zomba anakonza, kapena funsani nkhalamba ya mumpingo mwanu. Pakuti safunsa anadya phula.

Ngati wina mwa inu amva kwao njira ina yochulukitsira maina imene sitinaitchule, monga dzaka pamalo pa zaka, kapena vinthu pamalo pa zinthu, alembe kalata ku tsamba lino, natchule dera lake, kuti tonse tiphunzirepo.

Ine mnzanu m'ntchito,
Mphunzitsi, Lilongwe.